KUCHOKERA PA CHINSALU KUFIKA M'CHIKHATHO: MBIRI YA KANEMA KWATHU KU MULANJE

Pali dandaulo limodzi limene silisowa pakamwa pa akuluakulu a kuno ku Mulanje Mission ndi midzi yoyandikana nayo. Iwo amati kanema weniweni anatha kalekale, ndipo zimene ife achinyamata timaonera masiku ano ndi phokoso lopanda mutu. Wina adzakuuzani za makauboyi amene anawaona ku migodi, wina za Bruce Lee, winanso za Rambo, aliyense malinga ndi msinkhu wake. Mukawaonetsa zimene zatchuka chaka chino, amayang'ana pang'ono, n'kupukusa mutu, nati, "Zimenezi n'zanu, ife zinatisiya." Ife timangoseka n'kubwerera ku mafoni athu. Komatu kuseka si kuyankha. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo dandaulo la anthu ambiri chotere liyenera kukhala ndi gwero lake. M'nkhani ino ndifuna kulondola mapazi a kanema, kuyambira pamene anafika m'dziko muno kufikira lero, kuti tione chimene akuluakuluwa akulira, ndiponso ngati ife tili nacho chotaya pamodzi nawo.

Nyali ya amishoni

Zithunzi zoonetsedwa pa chinsalu zinafika m'chigawo chino kanema asanabadwe. Amishoni oyamba ankayenda ndi chipangizo chimene Azungu ankachitcha magic lantern. M'kati mwake munkayaka nyali, ndipo kuwala kwake kunkadutsa pa kagalasi kojambulidwa chithunzi n'kukagwera pa nsalu yoyera kapena pa khoma. Zithunzizo sizinkayenda ai. David Livingstone anali nacho chipangizo chotere pa ulendo wake wa kumadzulo, ndipo mu 1854 anachionetsa kwa mfumu Shinte ya Alunda. Chithunzi choyamba chinali cha Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe Isake. Pamene ankachisuntha kuti aike china, amai amene anali pamenepo anaona ngati mpeniwo ukudza kwa iwo, ndipo anabalalika ndi liwiro. Nkhani zotere Azungu ankazikonda kwambiri, chifukwa zinkawatsimikizira chimene ankafuna kukhulupirira, chakuti munthu wakuda satha kusiyanitsa chithunzi ndi chinthu chenicheni. Ganizo limeneli, monga tione kutsogoloku, linalamulira kanema wa kuno kwa zaka zambiri.

Amishoni a Church of Scotland anakhazikika ku Blantyre mu 1876, ndipo patapita zaka anafikanso ku Mulanje. M'mbuyo mwao munadza alimi achizungu. Mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi kuno, ndipo pang'ono ndi pang'ono malo a m'tsinde mwa phiri anasanduka minda ya tiyi. Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, nakhala pa malo a Azungu polipira thangata. Msonkho unakakamiza amuna kufuna ndalama, ndipo amene sanakhutire ndi malipiro a m'maesiteti anauyamba ulendo wa ku Harare, wa ku Joni, kapena wa ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. N'chifukwa chake ambiri mwa makolo athu anaona kanema woyamba ali kutali ndi kwao.

Sidakwa ndi Jack

Ku Johannesburg, cha m'ma 1920, mbusa wa ku America dzina lake Ray Phillips anayamba kuonetsa kanema m'makomponi a migodi, ndipo eni migodi ndiwo ankalipira. Iwo ankafuna kuti anthu a ntchito azikhala m'komponi madzulo, asamapite ku mowa kapena ku misonkhano yokambirana za sitalaka. Kumeneko kanema ankatchedwa bayisikopo, dzina limene agogo ena amalitchulabe mpaka lero. Charlie Chaplin anthu a m'migodi anam'patsa dzina laolao, Sidakwa, ndiko kuti chidakwa, chifukwa cha kayendedwe kake kodzandira.

Ku migodi ya kopa, mafumu a chinsalu anali makauboyi. Hortense Powdermaker, mai wofufuza za chikhalidwe cha anthu amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza kuti ngwazi ya kanema aliyense wa makauboyi anthu ankangoitcha Jack, kaya wosewerayo anali yani. Chizungu cha ku America sichinkamveka bwino, makamaka pakati pa phokoso la khamu. Kuonjezera apo, boma linkayamba ladula mbali zonse zimene linkaganiza kuti zichotsera ulemu Mzungu kapena ziphunzitsa Mwafirika kuba ndi kuukira. Motero nkhani inkafika pa chinsalu ili zidutswazidutswa. Oonera ndiwo ankailumikiza. Ankakuwa, ankachenjeza Jack kuti mdani ali kumbuyo, ankaimirira poponya zibakera m'malere, ndipo amene wamvako pang'ono ankafotokozera anzake a pafupi naye. Mfundo imeneyi tiigwire bwino: makolo athu sankaonera kanema mwakachetechete. Theka la nkhani linkachokera ku Hollywood, theka linalo linkaumbidwa pabwalo pomwepo. Pobwerera kumudzi, anthuwa ankadza ndi zipewa za mlomo waukulu, kayendedwe ka Jack, ndi nkhani zimene ana ankazimvera pamoto ngati nthano.

Kanema wa boma

Atsamunda nawo anaona kuti chinsalu chili ndi mphamvu, ndipo anaganiza zochigwiritsa ntchito pophunzitsa. Kuyambira 1935 mpaka 1937 panali ntchito yoyesera yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, ndi ndalama zochokera ku Carnegie Corporation ya ku America. Anajambula makanema 35 ali ku Vugiri, ku Tanganyika, nawanyamula pa lole kukawaonetsa m'maiko angapo, kuphatikizapo Nyasaland. Mau ankakhala pa mbale za galamafoni, ndipo zina mwa mbalezo zinali m'Chinyanja. Mitu yake inali monga kusunga ndalama ku positi ofesi, ubwino wa msonkho, kukokoloka kwa nthaka, ngakhalenso tiyi.

Mu 1939 boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit ku London, ndipo mkulu wake anali William Sellers, amene kale ankagwira ntchito za ukhondo ku Nigeria. Iyeyu ankakonda kusimba kuti tsiku lina ataonetsa kanema wophunzitsa, anthu atafunsidwa chimene aona anatchula nkhuku imene inangodutsa pakona pa chithunzi. Kwa iye umenewu unali umboni wakuti Mwafirika saona chithunzi chonse nthawi imodzi. Tsono anaika malamulo akuti kanema wa Aafirika aziyenda pang'onopang'ono, kamera isamasunthesunthe, ndipo nkhani ikhale yosavuta ngati ya mwana. Sanadzifunse ngati mwina nkhuku ija ndiyo inali chinthu chokhacho chosangalatsa m'kanema wakeyo. Ndipo panthawi yomweyo, anthu amene ankawayesa osatha kuona aja anali kutsatira akavalo othamanga ndi mfuti za Jack popanda vuto.

Bungwe limene linakhudza kwambiri dziko lathu linali Central African Film Unit, lokhazikitsidwa ku Salisbury mu 1948 kuti lizijambula makanema a Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Alan Izod ndiye ankatsogolera, ndipo mmodzi mwa ojambula ake anali Stephen Peet. Nkhani zao zambiri zinkayenda m'njira imodzi: munthu wanzeru amamvera mlangizi wa boma nalemera, wopusa amakakamira zake nasauka. Mu Mulenga Goes to Town, wa 1949, mnyamata wa kumudzi apita ku tauni kukagulitsa nkhuku, napusitsidwa, nabwerako chimanjamanja. Phunziro lake linali lakuti tauni si ya munthu wakuda.

Kanema wotere ankafika kumudzi pa galimoto. Akuluakulu a kuno amakumbukira bwino momwe zinkakhalira. Masana galimoto inkazungulira ikulengeza pa mkuzamau. Dzuwa likamapendeka anthu ankayamba kusonkhana pabwalo la sukulu kapena la mpira, ena atachokera mitunda italiitali ndi mikeka ndi ana kumbuyo. Chinsalu ankachimanga pa mitengo iwiri, injini ya magetsi n'kulira, ndipo mdima ukangoti bii, kuwala kunkatuluka m'makina. Filimu inkabwera m'mikombero, moti mkombero umodzi ukatha anthu ankadikira kuti aike wina. Makanema oyamba a bungweli analibe mau. Pambali pa makina pankaima womasulira, atagwira cholankhulira, n'kumafotokoza nkhaniyo m'chilankhulo cha anthu. Anali ndi pepala lomuuza zonena, koma womasulira waluso ankathirako mchere wake, nthabwala ndi miyambi, kotero kuti kanema yemweyo ankakoma usiku wina n'kuzizira usiku wina malinga ndi pakamwa pa munthu ameneyu.

Chikondi cha anthu pa galimoto imeneyi chinayamba kuzilala pamene ndale zinatentha. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, chaka chomwe ku Thyolo, kwa anansi athu, kunabuka zipolowe. Malamulo a malimidwe okakamiza anthu kuunda mizere ndi milambala ankadedwa kwambiri, popeza wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Tsono kanema woyamikira mizere sakanaonedwanso ngati masewera chabe. Bungwe lija litalowa m'manja mwa boma la chitaganya n'kuyamba kutamanda chitaganyacho, anthu m'madera ena a Nyasaland ndi Northern Rhodesia anayamba kukana kuonera. Linatha mu 1963 pamodzi ndi chitaganya chimene linkachitumikira.

M'nthawi ya Kamuzu

Ufulu wa 1964 sunachotse galimoto ya kanema pamsewu; unangosintha katundu wake. Magalimoto a nthambi yofalitsa nkhani za boma ankaonetsa Kamuzu akuyendera mbewu, akutsegula misewu ndi kulandira alendo, amai akumuvinira. Magalimoto achikasu a unduna wa za malimidwe ankabwera ndi makanema a achikumbe ndi masewera a zidole. Mu 1968 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lounika mabuku, makanema ndi zisangalalo, ndipo lumo limene kale linali m'manja mwa Mzungu linalowa m'manja mwa bungwe la Amalawi. Zopsompsonana, zovala zazifupi, ndi chilichonse chonunkhira kuukira boma zinkadulidwa. M'nyumba za kanema, chionetsero chisanayambe, anthu ankaimirira poimba nyimbo ya fuko uku chithunzi cha Kamuzu chili pa chinsalu.

Nyumba zimenezi, monga Apollo ya ku Blantyre, zinali m'tauni. Kwa munthu wa ku Mulanje, ulendo wa makilomita oposa 60 pa basi ya UTM sunali wa tsiku lililonse. Amene wapita ku Limbe kukagula katundu kapena kukaona mbale, n'kupeza mwai wolowa m'kanema, ankabwera ndi nkhani yokamba mwezi wathunthu. M'zaka zimenezi Jack analandidwa ufumu ndi Bruce Lee, amene anamwalira mu July 1973, chaka chomwe Enter the Dragon anatuluka. Anyamata amene sanamuonepo n'komwe ankadziwa kulira kwake ndi kaponyedwe kake ka mwendo, atangomva kwa anzao. Makanema a ku India, ndi nyimbo zao ndi misozi yao, anali ndi owakonda aonso.

Tisaiwale kuti dziko lathu linakhala lopanda wailesi ya kanema kufikira 1999, pamene Southern Rhodesia inali nayo mu 1960 ndipo Kitwe mu 1961. Malo ake anatengedwa ndi wailesi ya MBC. Masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga anali kanema wa m'makutu, ndipo nawonso ankamvedwa pagulu, banja lonse ndi anansi atazinga kawailesi kamodzi ka Nzeru.

Vidiyo sho ndi omasulira atsopano

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo makamaka ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, kanema anachoka m'manja mwa boma. Munthu aliyense wokhala ndi sikirini, deki, matepi angapo ndi magetsi kapena jenereta ankatha kutsegula vidiyo sho. Pa Chitakale, pa Chisitu, pa Nkando, pa Limbuli ndi pa misika ina panamera tinyumba ta mdima, ta mabenchi a matabwa, chikwangwani cholembedwa ndi choko chili panja, mkuzamau akulavula kulira kwa mfuti kuti aitane odutsa. Mbadwo wa atate athu unakulira m'menemo, ndi Rambo wa Sylvester Stallone, Commando wa Arnold Schwarzenegger, Chuck Norris ndi Jean-Claude Van Damme. Aphunzitsi ndi abusa ankadandaula kuti ana akujomba ku sukulu, ndipo sankanama. Mipingo nayo inkayenda ndi chinsalu chake, kuonetsa kanema wa Yesu wa 1979 womasuliridwa m'Chichewa, ndipo anthu ankalira pabwalo poona mtanda.

Pambuyo pake panadza makanema a ku Nigeria, amene malonda ao anayamba kukula ndi Living in Bondage mu 1992. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona pa sikirini nkhope zakuda zikulimbana ndi zinthu zozidziwa: ufiti, apongozi ovuta, kulimbirana chuma cha masiye, abusa onyenga. Amai, amene vidiyo sho ya nkhondo inkawapatula, anakhala oonera okhulupirika. Kenaka matepi analowedwa m'malo ndi madisiki, mpira wa ku England unalanda mabenchi Loweruka ndi Lamulungu, ndipo anyamata a makompyuta anayamba kuika mau a Chichewa pa makanema a ku China, ku India ndi ku America. Omasulira amenewa amapatsa osewera maina a kuno, amatchula misika yathu, amathira nthabwala pamene mwini kanema sanaikepo. Akuluakulu ena amati uku n'kuononga kanema. Koma tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti mnyamata wa pa kompyutayu ndi mdzukulu wa womasulira uja wa pambali pa galimoto, ndiponso wa anthu a m'komponi amene anatcha Chaplin kuti Sidakwa. Madzi saiwala khwawa.

Lero chinsalu chalowa m'chikhatho. Kanema amatengedwa pa kamemore kadi, amatumizidwa pa WhatsApp, amaonedwa pa YouTube ndi TikTok, munthu ali yekha, zomvera zili m'makutu.

Chimene chikuliridwa

Tsopano tibwerere ku funso lathu. Kodi akuluakulu akulira makanema enieniwo? Ndikukayika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Jack ankapha eni nthaka a ku America, anthu olandidwa malo monga momwe makolo athu analandidwira kuno, ndipo khamu linkaombera m'manja wolandayo. Makanema a boma la atsamunda ankayesa Mwafirika mwana. Rambo ankapulula anthu a ku Vietnam ngati akusenga udzu. Amene anena kuti kale kunalibe zoipa pa chinsalu waiwala, kapena anaona zotsala lumo litadutsa.

Chimene chinatayika, m'kuona kwanga, ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi khamu. Kanema wa pabwalo ankasonkhanitsa mfumu, mphunzitsi, wothyola tiyi ndi mwana wa sukulu pa udzu umodzi, ndipo m'mawa mwake onse anali ndi nkhani imodzi ku chitsime ndi ku munda. Chachiwiri ndi kusowa kwake. Chinthu chobwera patalipatali chimasungidwa mu mtima, chimabwerezedwa, chimakula pochisimba. Kanema mmodzi ankakhala ndi moyo zaka zambiri, pamene zotchuka za lero zimafota sabata isanathe. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene akuluakulu amatsalira. Si kuti nzeru zao zachepa. Kuti munthu ayendere limodzi ndi za masiku ano afunika foni yodula, bandulo ya tsiku ndi tsiku, maso akuthwa oona tizilembo, ndi nthawi imene munthu wosamala banja alibe. Ndipo palibenso womasulira woima pambali pao. Chachitatu ndi unyamata wao. Munthu akamati Bruce Lee analibe mnzake, akukumbukiranso miyendo yake yomwe pamene inkatha kudumpha mtsinje.

Ife tisadzinamize kuti tili kutali ndi zimenezi. Tili ndi zaka makumi awiri ndi mphambu zochepa, koma kale azing'ono athu a ku sekondale amatchula maina a oimba ndi a nthabwala amene sitinawamvepo, n'kumatiyang'ana monga momwe ife timayang'anira atate athu. Mtsinje umene unasiya agogo pa gombe ukuthamanga kwambiri tsopano kuposa kale.

Chodandaulitsa china n'chakuti nthawi imene Amalawi ayamba kujambula nkhani zao ndi yomweyo imene bwalo labalalika. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat wa 2012 ndi The Road to Sunrise wa 2017. Joyce Mhango Chavula anapata mphotho ku Nigeria mu 2016 ndi kanema wake Lilongwe. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba, yojambulidwa ku Kasungu ndipo mbali yaikulu ikulankhulidwa m'Chichewa, koma inafikira pa Netflix. Kodi ndi angati mwa agogo amene anayenda usiku kukaona Mzungu akuwaphunzitsa kuunda mizere amene aonapo makanema amenewa pa chinsalu chachikulu?

Pomaliza pali nkhani ya kusunga. Makanema a Central African Film Unit ali ku nyumba yosungira mbiri ya dziko la Zimbabwe ku Harare, ndipo ena a nthawi ya atsamunda ali ku British Film Institute ku London. Ngakhale anajambulidwa ndi cholinga chokhota, m'menemo muli nkhope, zovala, nyumba, magule ndi minda ya anthu a dziko lino, zinthu zimene sizidzaonekanso. Filimu ikakalamba imaola, tepi imachita nkhungu, ndipo anthu amene anaona galimoto ya kanema ya m'ma 1950 ndi okalamba tsopano. Mbiri ya momwe Mmalawi ankaonera kanema, zimene ankakuwa, maina amene ankapatsa osewera, sinalembedwe mokwanira, ndipo ikupita ku manda mmodzimmodzi.

Pempho langa kwa anzanga a m'gulu lino la alembi ndi ili. Tchuthi chikubwerachi, foni yomweyo imene yatilekanitsa ndi akuluakulu tiigwiritse ntchito powajambula mau. Tiwafunse kumene anaonera kanema woyamba, amene ankamasulira, chimene chinawaseketsa ndi chimene chinawakwiyitsa, ndipo tizilembe m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe azinenera. Tipemphenso a nyumba yosungira mbiri ya dziko lathu ku Zomba kuti ayesetse kupeza makope a makanema amene ali kunja. Ndipo tsiku lina, nyengo ya chilimwe, timange chinsalu pabwalo la sukulu, tionetse wakale mmodzi ndi wa Amalawi mmodzi, agogo atimasulire woyambayo, ife tiwamasulire wachiwiriyo. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapo pamene wina anawasunga.